Za sola akambirana maola atatu, ovataimu yathu mphindi 5. Kodi khonsolo ili ndi mphamvu pa chiyani kwenikweni?

Nachisale_Ziphaso

Moni nonse muno. Pepani ndilemba zambiri koma mtima ukundiwawa chiyambire Lachinayi. Ine ndimagwira ntchito ku khonsolo ina yake, dzina sinditchula poti ntchito ndikuifunabe kkk, ndine mmodzi wa aja timadulitsa ziphaso mumsika, aja mumabisala kuseri kwa benchi mukationa tikubwera ndi kabuku. Lachinayi lapitali kunali full council, msonkhano wa makhansala onse, nde abwana anatiuza atsikana awiri kuti tikathandize kugawa madzi ndi Fanta, mwakuti ndinali mu holo momo kuyambira 9 koloko mpaka pemphero lotsekera, zonse ndinamva ndi makutu angawa osati zouzidwa.

Nkhani yaikulu inali ya kampani ina imene ikufuna kumanga malo opangira magetsi a sola ndi mabatire ake pa minda ya anthu a midzi iwiri chakumunsi kwa msika wathu. Anabwera azibambo atatu ndi mzimayi mmodzi, projekita, mapu, chizungu chokhachokha mpaka a T/A ena anakweza dzanja kuti tatimasulirani ife tikungoonera zithunzi ngati kanema. Atamasulira nde kunabuka moto. Khansala wina akuti ntchito zonse zipite kwa ana a mu wadi yake poti malowo ali kwake, wina akuti ayi msewu wopita kumeneko ukudutsa kwanga fumbi la ma lole tidzameza ndife, a T/A akufunsa za manda amene ali pakati pa mindayo, mayi wina wa mabungwe akufunsa ngati midziyo idzayatse nawo magetsiwo kapena idzangoona mawaya akudutsa pamwamba pa udzu. Maola atatu athunthu. Mapeto ake akuti tavomereza koma akakambiranenso ndi mafumu, m'manja phuphuphu.

Tsono ife ogwira ntchito tinali titalemba kalata ya ovataimu. Kwathu kuno msika waukulu ndi Loweruka ndipo Lamlungu anthu amayalanso, timayamba 5 koloko m'mawa poti a tomato ndi a makala amalawirira, kuweruka dzuwa litalowa. Alonda nde musanene, ena akugona pa geti sabata yonse opanda off chifukwa mnzawo anamwalira chaka chatha mpaka lero sanalembe wina. Osesa chimodzimodzi. Miyezi 7 tsopano olo tambala ya ovataimu sitinaione. Kalatayo inatulukira pa zina ndi zina, a wapampando anangoyang'ana wotchi nkuti nkhaniyi ipite ku komiti ya zachuma, pemphero, basi anthu pa mzere wa alawansi. Sipanathe mphindi 5, ine ndili chiimire ndi kireti m'manja.

Nde ndifunse odziwa. Kodi makhansalawa ali ndi mphamvu yoloza kapena kukana zamagetsizi kapena amangotaya malovu? Komanso ovataimu ndi ufulu wathu kapena ndi chifundo cha abwana, poti ku akaunti amangoti khonsolo ilibe ndalama pamene ndalamazo timatolera ndife ndi manja athu omwewa.

Mkulu_Wopuma

Mayi Nachisale pepani. Ine ndinagwirako ku khonsolo zaka zambiri ndisanapume nde holo imeneyo ndikuidziwa ndi fungo lake lomwe.

Za magetsizo, mphamvu yeniyeni sili mu holo ayi. Chilolezo chopanga magetsi amapereka ndi a MERA, wogula magetsiwo ndi ESCOM ndipo popanda mgwirizano wogulitsirana ndi iwowo palibe banki ingapereke ngongole kwa kampaniyo, lipoti la zachilengedwe amavomereza ndi a MEPA, bungwe la boma loona zachilengedwe, potsatira lamulo la zachilengedwe la 2017 lija, kuwonjezera apo unduna wa zamagetsi ku Capital Hill. Makhansala atati akane lero koma ku Lilongwe akufuna, angathe kuchedwetsa ndi kuchititsa phokoso basi. Koma musati anangotaya nthawi yonse. Pamene khonsolo imaluma ndi pa malo. Minda imeneyo ndi malo a makolo, lamulo la za malo la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'midzi, ndipo powerengera chipukuta misozi, mitengo ya mango, nyumba, zitsime, amene amayenda ndi tepi ndi a ofesi ya malo ndipo ofesi ya DC imakhalapo ngati mboni. Palinso DESC, komiti ya zachilengedwe pa boma, ndi ma ADC ndi ma VDC, makomiti a chitukuko a m'dera ndi a m'midzi, amene amayenera kumva nkhaniyi isanafike ku full council. Nde a T/A amene anafunsa za manda aja ndi mayi wa mabungwe uja ndi amene anafunsa za nzeru. Za wadi yanga wadi yanga zija ndi kampeni chabe.

Pa ovataimu ndi pamene pakundipweteka ine. Anthu ambiri sadziwa kuti pa khonsolo pali magulu awiri a antchito. Aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi, a DC eni ake, malipiro awo amachokera ku boma lalikulu, khonsolo itolere isatolere mwezi ukatha foni imalira. Koma inu a ziphaso, alonda, osesa, a ku resthouse ya khonsolo, ndinu aja timati direct staff, mumadya za locally generated revenue, kutanthauza ziphaso za msika, malayisensi a mabizinesi, za pa depoti, lendi ya mashopu. Ndalama zochokera ku Treasury zimabwera zili ndi dzina kale, izi za umoyo izi za maphunziro, ndipo CDF kapena DDF, ndalama za chitukuko zija, simungatapeko nkulipira mlonda, odita akupezani. Nde akamati tilibe ndalama nthawi zina sakunama. Chomwe sakuuzani ndi chakuti kathumba kakang'ono komweko ndi kamene nthawi zambiri kamagulanso mafuta a galimoto ndi Fanta mumagawayo, nde funso ndi lakuti ndani amayamba kudya.

Mwaona tsono? Nkhani imene sangaigamule anaipatsa maola atatu, imene ili m'manja mwawo yonse yathunthu, bajeti amavomereza okha, komiti ya zachuma ndi ya ogwira ntchito ndi zawo zomwe, anaipatsa mphindi 5. Ndipo chizolowezichi nchakale. Kumbukirani kuti kuchokera 2005 mpaka chisankho cha 2014 dziko lino linalibe makhansala olo mmodzi, zaka 9 ma ofesala akuyendetsa okha zonse, nde mpaka pano makhansala ena amaopa kufunsa za mabuku a ndalama, amaona ngati ndi za ma ofesala zokha.

Jah_Mbaula

Kkkkkk koma alawansi yawo siinapite ku komiti ya zachuma eti? Imeneyo inavomerezedwa ndi onse popanda otsutsa. Aunt mukanangosiya kireti pansi nkutenga maiki.

Wa_pa_Zalewa

Ine ndingoti musathamangire kuvina kapena kulira chifukwa cha projekita. Ife a ku Neno tinaona zimenezi kalekale ndi Kam'mwamba. Zaka zoposa khumi tikumva kuti pamangidwa malo opangira magetsi a malasha a 300 megawati, kampani ya ku China ya Gezhouba, ngongole ya Exim Bank ya konko, malasha azichokera ku Moatize ku Mozambique pa njanji ija imadutsa kwathu kupita ku Nkaya mpaka Nacala. Pa pepala zinali zokoma poti njanji ilipo kale, Shire sali patali, M1 ili pompo. Misonkhano inachitika, anthu anayamba kuwerengera za ntchito ndi nyumba za lendi. Ndalama za ku China zija sizinatuluke, kenako nkhani inapita m'manja mwa EGENCO, kampani ya boma yopanga magetsi, ndipo mu September 2021 Xi Jinping ananena ku United Nations kuti dziko lake lasiya kumanga malo atsopano a magetsi a malasha kunja. Dutsani pa Kam'mwamba muone ngati pali chumuni, muona ogulitsa makala m'mbali mwa msewu basi.

Sindikuti yanuyo ithera momwemo ayi, sola imayenda msanga, ya kampani ya JCM ku Salima ya 60 megawati inayamba mu 2021, ya ku Golomoti ya 20 megawati yokhala ndi mabatire inatsatira. Koma chimene makhansala anu amayenera kukakamira ndi tsiku. Mukawerengera munthu munda wake nkumuuza kuti usamangenso kapena kubzala mitengo pano, umulipire liti? Poti ndi mmene kwacha imagwera, mwaona 2022 inagwa ndi 25 pa 100, November 2023 ndi 44 pa 100, ndalama yowerengera chaka chino ukailandira patapita zaka ziwiri sugula nayo olo theka la munda wina. Limenelo ndiye funso la maola atatu.

Ndipo mayi wa mabungwe uja yankho lake ndi lakuti ayi. Magetsi amenewo amalowa mu gridi ya ESCOM nkumapita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, mudzi woyandikana nawo umadikirabe MAREP, ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, ngati wina aliyense pokhapokha zitalembedwa pa pepala kuti kampani iika transifoma. Pitani midzi ina ya kufupi ndi Nkula ndi Tedzani mukaone anthu akuyatsa tochi madamu ali pakhomo.

Mawotchi_Welding

Abale inu musayambe kuwapatsa makhansala nzeru zokana. Ine ndimawotcherera, ndikudziwa chimene kuthima kwa magetsi kumachita pa mphika wa munthu. January 2022 namondwe Ana atagumula damu la Kapichira tinataya pafupifupi 130 megawati tsiku limodzi ndipo zinatenga chaka ndi miyezi kuti abwezeretse, ine nthawi imeneyo ndimagona pa shopu kudikira magetsi a 11 koloko usiku kuti ndiwotcherere mafelemu a anthu mpaka m'bandakucha, anyamata anga awiri ndinawauza kuti kaye pitani kumudzi. Magetsi athu ambiri amadalira mtsinje umodzi, Shire akadwala dziko lonse ladwala, kaya ndi madzi ochepa kaya zinyalala za namasupuni kaya matope. Munaiwala majenereta a dizilo a Aggreko a 2018 mmene anatidyera ndalama? Nde wina akabwera ndi sola tiyeni timulandire, walira mvula walira matope, minda ina ipita ndithu. Za ovataimu ndikumva chisoni koma musaziphatikize, ndi nkhani ziwiri.

Mkulu_Wopuma

A Mawotchi palibe wanena kuti akane. Ndipo ntchito ya magetsi a madzi ya Mpatamanga ikubwerayo, yoposa 350 megawati, World Bank inavomereza 350 miliyoni dola mu 2025, nayonso ili pa Shire yemweyo nde sola ikufunikadi. Koma nkhanizi zimakumana pamodzi. Ntchito yomanga ikayamba msika wa mayi Nachisale udzadzaza, a chips, a kaunjika, a mowa, zinyalala kuwirikiza, akuba nawo kubwera. Adzasesa ndani, adzalondera ndani? Anthu omwe simunawalipire miyezi 7 aja.

MayiWaTomato

Ine ndinene zoona olo mundida. Ife ogulitsa timadula chiphaso tsiku ndi tsiku koma chimbudzi cha msika chinadzadza kalekale, madzi kulibe, shedi ikudontha. Komanso a ziphaso ena, sindikunena inu a Nachisale sindikudziwani, amabwera nkuti mayi patseni theka basi chiphaso chisiyeni, ife poti ndi phindu timapereka. Nde ndalamazo zikafika bwanji ku ofesi? Ovataimu ena amadzilipira okha mumsika momwemo kkk.

Nachisale_Ziphaso

A MayiWaTomato simukunama, zimachitika ndipo ndikuwadziwa ochita. Koma taganizani munthu wagwira ndalama za eni tsiku lonse kuyambira 5 koloko osadya, kunyumba mwana wabwezedwa fizi, malipiro enieniwo amabwera pa 15 mwezi wotsatira, mukuganiza kuti satana akhala patali? Sindikuikira kumbuyo kuba ayi ine ndinabatizidwa, koma wolondera nkhokwe ndi njala mukudziwa mathero ake. Ndipo alonda nde alibe olo potapa, iwowo ndi ndodo ndi tochi basi, mabatire a tochi amagulanso okha.

Kalaliki_wa_Leba

Chemwali funso lanu lachiwiri silinayankhidwe bwino nde ndiyese. Ovataimu si chifundo, ili mu Employment Act ya 2000 ndipo lamuloli limagwiranso boma ndi makhonsolo, amene sawakhudza ndi asilikali, apolisi ndi a ndende. Maola wamba a ntchito pa sabata asapitirire 48. Mukagwira masiku 6 otsatizana mukuyenera kupuma maola 24 osadukiza, nde za alonda ogona pa geti sabata yonsezo ndi kuphwanya lamulo poyera. Ovataimu ili mitundu itatu. Mukapitiriza maola pa tsiku lanu la ntchito, ola lililonse ndi limodzi ndi theka. Mukagwira pa tsiku lanu la off ndi kawiri. Pa holide ya boma ndi kawirinso. Tingoyerekeza kuti ola lanu ndi K600, ovataimu wamba ndi K900, la off kapena holide K1,200. Onani kalata yanu yolembedwera ntchito poti ngati inalemba kuti Loweruka ndi tsiku lanu la ntchito ndipo off yanu ndi Lachiwiri, Loweruka silikhala la kawiri, apa ambiri amagwa napo.

Tsono vuto limene ndimaliona nthawi zonse ndi umboni. Mukapita ku ofesi ya leba pa boma funso loyamba ndi lakuti maola angati, masiku ati, anakutumani ndani. Mukati miyezi 7 basi abwana adzangoti sitinawatume amabwera okha. Inu a ziphaso muli ndi mwayi poti zitsa za mabuku anu, timapepala totsala mukang'amba chiphaso, zili ndi madeti ndipo popereka ndalama kwa kashiya mumasainirana, jambulani zimenezo ndi foni mabuku asanasowe, ndanena dala kuti asanasowe. Alonda ajambule duty roster ndi buku lawo la pa geti. Kenako aliyense awerengere zake pa pepala, dzina, deti, maola, ndalama, muphatikize zonse mulembe kalata ina kwa DC, kope kwa wapampando wa komiti ya zachuma ndi ya ogwira ntchito, kope ku leba, ndipo yanu yotsala adinde chidindo cholandirira. Kalata yodandaula amaiponya mu dirowa koma kalata yokhala ndi nambala pansi imasanduka ngongole ndipo odita akaipeza amafunsa.

A leba akalephera kukuyanjanitsani amakulemberani kalata yopita ku Industrial Relations Court, ili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, sikuti mpaka mukhale ndi loya koma konzekani kudikira, milandu ndi yambiri. Ofesi ya Ombudsman nayonso imamva madandaulo a maofesi a boma. Chimodzi chokha, musangodzuka nkutseka geti ya msika. Sitalaka ili ndi ndondomeko yake mu Labour Relations Act, ndipo chisinthireni lamulo mu 2021 abwana ali ndi mphamvu yodula malipiro mukanyanyala kupitirira masiku atatu pa chaka. Akakupatsani ma off m'malo mwa ndalama zili kwa inu kuvomera, koma alembe, za pakamwa ayi. Mufunsenso ngati penshoni yanu ikupitadi, 10 pa 100 ya abwana ndi 5 yanu, poti kumene ovataimu yasowa kawirikawiri imeneyonso imakhala ikudulidwa pa payslip pokha.

Achimwene_aku_Joni

Kuno ku Johannesburg nde zinasiyana, khonsolo ili ndi kampani yakeyake ya magetsi City Power, imagula kwa Eskom, kampani yaikulu ya magetsi ya kuno, nkumagulitsa kwa anthu, nde makhansala akamakangana za magetsi amakhala akukangana za thumba lawo lenileni. Kwathu khonsolo sigulitsa olo yuniti imodzi. Nde ine ndikanakhala khansala kumeneko ndikanangofunsa funso limodzi, kampaniyi ikamanga izilipira chiyani ku khonsolo chaka ndi chaka? Ngati yankho ndi mjigo umodzi ndi mpira wa ma jersey ake tsiku lotsegulira nde mwagulitsa minda ya agogo anu ndi Fanta. Ndalama ya chaka ndi chaka ndi imene ingalipire alondawo.

Jah_Mbaula

Mjigo wake nkudzaulemba dzina la MP kkkk

Nachisale_Ziphaso

Zikomo nonse makamaka a Kalaliki ndi a Mkulu_Wopuma, zina sindimazidziwa, ine ndimaona ngati malipiro athu amachokera ku Lilongwe ngati a aphunzitsi nde ndimadabwa kuti bwanji iwo alandira ife ayi. Dzulo titaweruka tinakumana anthu 11 kuseri kwa shedi ya nsomba, alonda atatu anabwera, mmodzi anakana akuti iye anamulemba ndi khansala wakutiwakuti sangamuchititse manyazi, tamusiya. Zitsa za mabuku a miyezi 4 tajambula kale, za miyezi itatu yoyambayo kashiya akuti zili ku stores ndipo wa makiyi ali ku maliro, tidikira. Kalata yanga yolembedwera ntchito ndaipeza mu sutikesi, inalembadi Lolemba mpaka Loweruka nde a Kalaliki mwandidula ndalama kkkk, koma ma Lamlungu onse aja ndi holide ya 6 July ndi ya amayi ija ya October ndawerengera kawiri.

Khansala wa wadi yathu ndinakumana naye pa depoti m'mawa uno ndamufunsa kuti komiti ya zachuma ikumana liti, akuti ikumana akapeza ndalama ya alawansi ndi mafuta. Ndamufunsanso funso la Achimwene aku Joni lija loti kampani izilipira chiyani chaka ndi chaka, anangoti mayi funso labwino limenelo nkulilemba padzanja ndi bolopeni yanga, bolopeniyonso wapita nayo. A kampani akuti abweranso Lachitatu kukakumana ndi mafumu pa sukulu ya pulayimale, amalume anga ali ndi munda kumeneko wa mango 14 nde ndawauza kuti asasaine kanthu asanamve tsiku lolipira. A Wa_pa_Zalewa ngati muli ndi mafunso ena oti akafunse ndilembereni ku inbox lisanafike Lachiwiri usiku, amalumewo foni yawo ndi ya mabatani ndiyenera kukawawerengera ndekha.